Amene Ananyamula Kumbuyo

Nkhani iyi ili ndi mboni zitatu, ndipo zonse zili moyo. Woyamba ndi dokotala wa ziweto, munthu wosakhulupirira chinthu asanachigwire ndi manja. Wachiwiri ndi mayi wojambula mafilimu, amene akusungabe zomwe kamera yake inaona. Wachitatu ndi telala, amene lero amayenda ndi ndodo. Aliyense anafunsidwa payekha, ndipo zomwe anasiyana zasiyidwa. Mwini nkhani, mmisiri wa matabwa, atamuwerengera zonsezi sanatsutse kanthu. Anangoyang'ana utuchi pansi.

Agogo ake a mmisiriyo anali mmodzi mwa anthu opalasa bwato amene anatsika mtsinje waukulu wa m'nkhalango pamodzi ndi anthu oyeza malo, zaka makumi asanu ndi atatu zapitazo, mtsinjewo usanajambulidwe pa mapu. Pakati pa ulendowo pali mathithi. Pamenepo bwato amalitulutsa m'madzi, kulitembenuza chafufumimba, anthu atatu n'kulowetsa mitu m'kati, mitanda yake itakhala pamapewa. Njira yolambalala mathithiyo, ukanyamuka m'mawa utasenza, umafika kumunsi dzuwa litapendeka.

Munthu amene ali m'kati mwa bwato saona mnzake, amangoona dothi ndi mapazi. Mawu samveka chifukwa cha mkokomo wa madzi. Ndiye ankalankhulana pogogoda thabwa. Kamodzi, tiyeni. Kawiri, tiime tipume chiimire. Katatu, tulani pansi, ndalephera.

Agogowo ankanyamula kutsogolo. Malamulo ogogodawa anawaphunzitsa ana awo ndi pakamwa pokha, osaonetsa ndi dzanja, ndipo m'nyumba mwawo mwana wogogoda tebulo ankaona zakuda. Palibe anafunsa chifukwa chake. Chimene banja linasunga chinali chimodzi: njira yonse ija, bwato silinakhudze dothi.

Mmisiri anakula ndi mawu amenewo. Mwana akadandaula kuti sukulu yavuta, ankamuuza kuti, "Agogo ako bwato sanalitule." Munthu akafuna kusiya ntchito, mawu ake anali omwewo. Atakwanitsa zaka makumi anayi ndi zisanu, anaganiza zobwereza ulendowo monga unalili: popanda injini, popanda chopepukitsa, komanso masiku ake omwewo. Anapanga bwato m'shedi yake, makama a makasitomala atatsamira kukhoma osamalizidwa. Anamata phula m'mipata, anasema nkhafi pamanja. Bungwe lina losamalira zachilengedwe litamva, linatumiza mayi wojambula uja.

Onyamula ankafunika atatu. Dokotala wa ziweto, amene ndi mlamu wake, anavomera msanga. Wachitatu anali mng'ono wake wa mmisiriyo, telala, amene kunyumba amangomutchula kuti Mzime.

"Achimwene, mwandiyang'ana bwino ine?" anatero Mzime ali pa makina ake. "Miyendo iyi imadziwa kuponda makina basi."

"Ikaoneko dziko. Magazi a agogo ali mwa iwenso."

"Alimo, koma anandipeza atatha mphamvu. Mzime amalandira zotsala."

Anaseka onse, ndipo Mzime anapita, chifukwa mkulu wake anali asanamupemphepo kanthu chiyambire.

Ananyamuka pa 3 Okotobala, tsiku limene anthu akale aja ananyamuka. Masiku oyamba anawaphunzitsa zambiri. Manja anatuluka matuza, matuza anaphulika, manja anauma. Anaphunzira kuti wopalasa mwamphamvu kuposa anzake amangozunguza bwato. Anaphunzira kulambalala mvuu osayankhula, ndiponso kudya popanda mchere thumba lake litagwera m'madzi. Madzulo Mzime ankasoka matenti ong'ambika uku akuyeseza mayendedwe a mlamu wake, mpaka mayi wojambula ankalephera kugwira kamera ndi phwete.

Pa 9, akukankha bwato pamchenga, Mzime anaponda chitsa chobisika m'madzi. Chinaboola phazi lamanja. Dokotala analitsuka n'kulimanga. Pofika pa 13, ali pamwamba pa mathithi, phazi linali litatupa ndipo thupi linkatentha. Tsiku limenelo mmisiri ndi mlamu wake anakasiya katundu kumunsi n'kubwerera, kuti mawa lake atsale ndi bwato lokha.

"Alamu, phazi ili silikundisangalatsa," anatero dokotala madzulo. "Ikanakhala ng'ombe ya munthu, ndikanati isayende masiku atatu."

"Mawa ndi pa 14. Agogo anadutsa pa 14."

"Mtsinje sudziwa kalendala."

"Musandikambe ngati ndafa kale," anatero Mzime ali chigonere. "Ndiyenda, achimwene. Koma ndikagogoda katatu..."

"Titula. Pompo."

M'mawa anakulitsa jombo ya Mzime ndi mpeni kuti phazi lilowe. Mmisiri analowa kutsogolo, dokotala pakati, Mzime kumbuyo. Mayi wojambula anatsogola ndi kamera. Mmisiri anagogoda kamodzi, ananyamuka.

M'kati mwa bwato munkanunkha phula lotentha ndi thukuta. Mmisiri ankangoona miyala, mizu, ndi nsonga za jombo zake. Kangapo Mzime anagogoda kawiri, ndipo anaima kupuma chiimire, bwato lili pamapewa. Dzuwa litafika pamutu anayamba chitunda cha miyala. Nyenje zinkalira mbali zonse. Kumanzere, pansi pa phompho, mathithi ankabangula.

Pamenepo ndi pomwe kunamveka kugogoda katatu.

Mmisiri anamva. Anamva ndi makutu, anamvanso ndi mapewa, chifukwa mtanda unanjenjemera pakhosi pake. Patsogolo anaona mapazi a mayi wojambula ataima pamwala, kamera ikuwayang'ana. Mumtima anati, tingofika pamwamba pa chitundachi. Anapitiriza.

Kunagogodanso katatu.

Dokotala akuti anakuwa, "Alamu!" koma mawu anamezedwa ndi madzi. Wapakati sangaime yekha, bwato limamukoka. Mmisiri anafika pamwamba pa chitunda, anaona kuti njira yayamba kutsetsereka, ndipo anati, tingofika pamthunzi apo. Zaka makumi asanu ndi atatu bwato silinakhudze dothi. Likhudze m'manja mwake?

Kachitatu kugogodako kunali kofooka, ngati kwa mwana.

Kenaka kunali zii.

Nyenje zinasiya kulira. Zonse, nthawi imodzi. Bwato linapendekera kumbuyo pang'ono, ngati likugwa. Silinagwe. Linadzuka, linawongoka. Linapepuka.

M'kati munalowa fungo la fodya wopota ndi matope a mumtsinje. Pa anthu anayiwo panalibe wosuta.

Kumbuyo kunagogoda kamodzi. Mwamphamvu.

Mmisiri anasangalala. Ichi ndi chimene chimamudya mpaka lero. Anati mwana uja walimba mtima, magazi a agogo adzuka. Anawonjezera liwiro, ndipo wakumbuyoyo sanatsalire. Pokhota ankakhota bwino, potsika ankagwira bwato kuti lisathamange. Sanapemphenso kupuma.

Dokotala anayang'ana pansi chakumbuyo, kuti aone mmene phazi la wodwala wake likupondera. Anaona mapazi opanda nsapato. Aakulu, ong'ambika zidendene, onyowa. Dothi linali louma gwa. Sanayang'anenso.

Anafika kumunsi dzuwa litapendeka. Mmisiri mwini wake anagogoda katatu, anatsitsa bwato m'madzi osaya, osati padothi. Linatsika mofanana, kutsogolo ndi kumbuyo. Anatulutsa mutu akuseka.

"Mzime! Waona? Sunafe!"

Kumbuyo kunalibe munthu.

"Ali kuti?"

Dokotala anakhala pansi m'madzi momwemo.

"Asisi, mng'ono wanga ali kuti?"

"Anali pomwepo," anatero mayi wojambula. "Ndimaona miyendo."

Anathamanga kubwerera. Anamupeza kutali, pafupi ndi pamwamba pa chitunda chija, atatsamira mtengo pamthunzi. Jombo zake zinali zitavulidwa, zitaikidwa bwinobwino pambali. Phazi linali lotsukidwa. Pamphumi panali masamba onyowa, ngakhale madzi apafupi anali pansi pa phompho, kumene munthu sangatsike.

Mzime anatsegula maso pang'ono.

"Achimwene, munandimva?"

"Mathithi aja, mng'ono wanga. Sindinamve kanthu."

Dokotala anayang'ana kumbali.

Anamubereka mosinthana mpaka kubwato. Anapalasa usana ndi usiku, mayi wojambula atasiya kamera n'kugwira nkhafi, mpaka anafika pa mlatho woyamba pa 16. Kuchipatala anapulumutsa moyo ndi mwendo, koma anadula theka la phazi. Anati akanafika phazi lisanaponderezedwe chotero, mwina zala zokha zikanapita.

Pa 2 Novembala mayi wojambula anaitana dokotala kuti aonere limodzi zomwe anajambula. Pali malo ena, pa mwala wong'ambika pakati, pamene njira imakhota ndipo bwato lonse limaoneka cham'mbali. Malowo ali kumunsi kwa pamene anapeza Mzime. Pansi pa bwato pali miyendo isanu ndi umodzi. Iwiri yakumbuyo ilibe jombo. Anabwereza kangapo, anazimitsa. Mu filimu imene anapereka ku bungwe lija, gawo limenelo mulibe.

Filimuyo inayenda bwino. Anthu anayamba kumuitana mmisiri kuti akalankhule za kupirira pa mavuto: kusukulu, kwa achinyamata ophunzira ntchito zamanja, ngakhale kwa ogwira ntchito m'maofesi. Ankavala buluku lakuda limene Mzime anamusokera kalekale, n'kuima kutsogolo.

"Phunziro loyamba," ankatero, "katundu ukamusenza, usamutule. Ife bwato silinakhudze dothi."

Anthu ankawomba m'manja. Iye ankamva ngati akumuwomba kumaso. Wina akafunsa za mng'ono wake, ankati anavulala panjira koma akupeza bwino, n'kupempha funso lina. Pobwerera ankadzera msewu wautali kuti asadutse pa shopu ya telala, pamene Mzime ankaphunzira kuponda makina ndi phazi lamanzere.

Bwato analipachika m'shedi, chafufumimba, pa zingwe ziwiri zodutsa pa mitanda ya denga, chimodzi kutsogolo, china kumbuyo.

Zinayamba Lolemba lina mu Disembala, masana, atangobwera kolankhula. Ankayeza thabwa la chitseko. Pamwamba pa mutu wake panamveka kugogoda katatu.

Anati ndi matabwa akuuma. Anakwera pa benchi, anasuzumira m'kati ndi tochi. Munalibe khoswe, munalibe mbalame. Munali fungo la fodya.

Kuyambira pamenepo, akalankhula kwinakwake, tsiku lomwelo bwato linkagogoda. Nthawi zonse katatu, nthawi zonse chakumbuyo. Anayesa kuyatsa wailesi. Anayesa kukhoma misomali mwaphokoso. Kugogodako kunkadikira kuti asiye.

"Kodi mwalemba munthu wina ntchito?" mkazi wake anafunsa tsiku lina. "Ndimamva kukhoma m'shedimo inu mutachoka."

Mu Febuluwale anapita kukaona bambo ake, amene anali atakalamba moti sankatulukanso m'chipinda. Anawapeza atakhala pabedi, akusenda lalanje ndi zala zonjenjemera.

"Bambo, agogo paulendo uja ananyamuka ndi ndani?"

"Wafunsiranji lero? Zaka zonsezi umangofunsa za bwato."

"Ndingofuna kudziwa."

Mkuluyo anatafuna kwa nthawi.

"Ananyamuka ndi mng'ono wawo. Anabwera okha. Anati malungo."

"Ankanyamula mbali iti?"

"Wamng'ono amakhala kumbuyo. Iwe Mzime unamuika kuti?"

Mmisiri anatola khoko la lalanje pansi.

"Tsiku lomwalira agogo ako ankangoti, tulani, tulani," anatero bambo ake. "Ife tinkayesa akunena bulangete. Tinawachotsera. Sanasiye."

Sabata imeneyo anayenera kukalankhula pa sukulu ina. Anatumiza uthenga kuti sabwera. Kenaka anatuma mkazi wake kukapempha Mzime kuti abwere kushedi, chifukwa iye mwini analibe nkhope yopitira.

Mzime anabwera Loweruka, cha m'ma teni koloko, ndodo kudzanja lamanja, kaphukusi kukhwapa. Dokotala ndiye anamubweretsa pagalimoto, ndipo anaima pakhomo. Mzime anaponya kaphukusiko pa benchi.

"Akazi anu anati buluku lanu la misonkhano likuthina. Ndalikulitsa m'chiuno. Ngwazi zimanenepa."

"Khala pansi, mng'ono wanga."

"Ndakhala miyezi inayi. Ndiima."

Anayang'ana bwato pamwamba. Mmisiri anali atakonza mawu usiku wonse, koma onse anathawa. Anatola pensulo, anaiikanso. Kunja kunadutsa njinga yamoto. Itapita, m'shedi munali chete.

Go. Go. Go.

Utuchi pang'ono unagwa kuchokera pa mtanda.

Mzime sanadzidzimuke. Anayang'ana mkulu wake.

"Muno mulibe mathithi, achimwene."

"Mulibe."

"Mwamva?"

"Ndamva." Mawu anatuluka ngati a munthu wina. "Ngakhale kuja ndinamva. Maulendo onse atatu."

"Ndinkadziwa."

"Alamu anakuuza?"

"Alamu sananene kanthu. Anandiuza ndi amene uja." Mzime anatsitsa mawu. "Maso anali atachita mdima. Wina anandigwira paphewa, dzanja lozizira. Anati, tuluka mwana wanga, ndigwirire ine. Akumva, koma akwathu saima."

Mmisiri anagwira benchi. Anafuna kuti mng'ono wake amutukwane, kapena amumenye ndi ndodo ija. Mzime anangoima, phazi lodulidwalo litalendewera pang'ono kuti lisagunde pansi.

"Ndiye mukudikira chiyani?" anatero Mzime. "Munthu wagogoda katatu."

Mmisiri anapita pa msomali waukulu pamene chingwe chakutsogolo chinamangidwa, anamasula mfundo, anagwira kulemera kwake. Mzime anayamba kutsimphina kupita ku chingwe chakumbuyo, kukhoma linalo.

Sanafikeko.

Dokotala akuti anaona ndi maso ake. Mfundo yakumbuyo sinamasuke. Chingwe chinangolefuka, ngati wina wanyamula katundu wake, kenaka chinapulumuka pa bwato n'kulendewera chokha. Kumbuyo kwa bwato kunatsala m'malere.

Fungo la fodya linadzaza shedi yonse.

"Tsitsani," ananong'ona Mzime. "Pang'onopang'ono."

Mmisiri anatsitsa. Chingwe chinkamuwotcha m'manja. Kumbuyo kunatsika mofanana ndi kutsogolo, osafulumira, osatsalira. Bwato linakhudza pansi popanda phokoso.

Pa utuchi, kumbuyo kwake, panali malo awiri onyowa. Anauma atatu onse akuyang'ana.

Bwatolo lili pomwepo mpaka lero. Latenga theka la shedi, ndipo mmisiri amalizungulira akamagwira ntchito. Wina anafuna kuligula, wina anafuna kukaliika poonetsera zinthu zakale, koma iye anakana. Sanapitenso kukalankhula kulikonse. Akakumana ndi munthu amene anamumverapo, n'kumuuza kuti mawu aja a katundu anamulimbitsa mtima, iye amayang'ana pansi n'kunena kuti, "Mnzanu akati tulani, muzitula."

Mzime sananenepo kuti wakhululuka. Amangobwera Loweruka lililonse, kukhala pa benchi, phazi atasanjika pa bwato, n'kumanyoza mipando ya mkulu wake kuti ndi yopendama. Mmisiri anamupangira chopondera chatsopano cha makina, chogwirizana ndi phazi lamanzere. Mzime anati n'chonyansa, koma ndi chimene akugwiritsa ntchito.

Kuyambira tsiku lija bwato linakhala chete miyezi yonse ya chisanu ndi yotentha.

Pa 14 Okotobala chaka chotsatira, m'mawa, atatu aja anali m'shedi. Sanapangane zokumbukira tsikulo. Dokotala anabwera kudzatenga khola la akalulu limene anaitanitsa, ndipo Mzime anabwera naye. Ankatsutsana za kukula kwa chitseko chake.

Mzime ndiye anayamba kununkhiza. Anachotsa phazi pa bwato.

Onse anatembenukira ku bwato.

Kumbuyo kwa bwato, m'kati, kunagogoda.

Anadikira kachiwiri. Anadikira kachitatu. Sikunabwere.

Kunali kamodzi kokha.